Tebulo la Pakhomo la Chipatala Chathu: Zimene Ndinaphunzira pa Katemera ndi Kuyeza Anthu Akuluakulu

Ndine namwino komanso mzamba, ndipo ndagwira ntchito zaka zoposa 10 pachipatala chaching'ono cha kumudzi m'chigawo chapakati, kutali ndithu ndi chipatala chachikulu cha paboma. Ndikulemba izi makamaka kwa anzanga amene ali m'zipatala zonga chathu, kumene dokotala amakhala mmodzi, anamwino awiri kapena atatu, ndipo mzere wa odwala umayamba dzuwa lisanatuluke. Ndikulemberanso munthu wamkulu aliyense amene amaganiza kuti katemera ndi wa ana ndipo kuyezetsa ndi kwa odwala okha, chifukwa inenso kwa nthawi yaitali ndinkagwira ntchito ngati kuti maganizo amenewo ndi oona.

Chimene chinandisintha ndi buku la kuchipatala la mayi wina wa zaka 41. Mayiyu anafika m'mawa wina akuyenda pang'onopang'ono, ndipo atakhala pansi ananena motsitsa mawu kuti, "Anesi, ndakhala ndikutaya magazi miyezi isanu tsopano, ndipo si msambo ayi." Nditawayeza ndinapeza chotupa chachikulu pakhomo la chiberekero, chimene chinkatuluka magazi ndikangochikhudza. Ndinadziwa kuti pachipatala chathu panalibenso chimene tikanachita kupatula kuwapatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi kuwalembera kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu. Pofuna kulemba mbiri yawo m'kalatamo ndinatenga buku lawo, limene analikulunga m'jumbo ya shuga kuti lisanyowe, ndi kuyamba kulitsegula tsamba ndi tsamba. Munali malungo, chifuwa, kupweteka kwa msana, ndiponso jakisoni wolera wa miyezi itatu iliyonse. Pa zaka zinayi zokha anali atabwera kwa ife maulendo oposa 10, ndipo pa masamba ambiri zolembazo zinali za dzanja langa. Panalibe tsamba ndi limodzi lomwe losonyeza kuti tinawayezapo khansa ya khomo la chiberekero, kapena kuti tinawauzapo kuti kuyeza kumeneku kulipo. Mayi aja anamwalira chaka chisanathe, ndipo ndinapita kumaliro kwawo ndili ndi mtima wolemera, podziwa kuti khansa imeneyi imatenga zaka zambiri isanafike pamene inawafikitsa, ndipo zaka zina mwa zimenezo iwo ankakhala pampando moyang'anana ndi ine.

Nditaganizira mofatsa ndinaona kuti vuto linali m'kakonzedwe ka ntchito yathu. Mwana akabwera ku sikelo timamuyeza kulemera, timaona katemera amene watsala, ndipo timalemba tsiku lobweranso. Mayi woyembekezera timamuyeza magazi, BP, HIV ndi chindoko popanda iye kupempha. Koma munthu wamkulu amene sali woyembekezera timamufunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Chikukuvutani n'chiyani?" Akayankha kuti mutu, timathandiza mutuwo, ndipo amapita. Munthu wa kumudzi sayenda makilomita 12 kudzayezetsa thupi limene silikumupweteka, makamaka nthawi ya dzinja pamene kumunda kuli ntchito. Choncho ulendo umene wabwera ndi chifuwa kapena waperekeza mwana ndiwo mwayi wokhawo umene tili nawo, ndipo ife tinkautaya tsiku ndi tsiku.

Nditafotokoza izi pamsonkhano wa ogwira ntchito, adokotala athu anandiyankha mosabisa kuti, "Asisita, ine ndimaona anthu oposa 100 patsiku. Ndikayamba kuyeza BP aliyense, mzerewu udzatha usiku." Iwo ankanena zoona, ndipo sindinawatsutse. Chimene tinagwirizana ndi chakuti ntchito imeneyi isalowe m'chipinda cha dokotala, koma ichitike munthu akadali pabenchi kudikira. Tinaika tebulo pakhonde, pafupi ndi khomo lolowera, ndipo tinaphunzitsa wothandiza odwala mmodzi ndi alangizi a zaumoyo awiri kuti azisinthana pamenepo. Munthu aliyense wamkulu, kaya ndi wodwala kaya wangoperekeza, amayamba wadutsa patebulopo. Mkati mwa chikuto cha buku lake timalemba mizere inayi: BP, shuga, katemera wa kafumbata, ndipo kwa amayi, khomo la chiberekero. Pamzere uliwonse timalemba tsiku limene chinthucho chinachitika ndi tsiku lobwereza. Dokotala kapena namwino akatsegula bukulo amaona msanga chimene chatsala, osafufuza m'masamba ong'ambika.

Miyezi yoyambirira tinalakwitsa zambiri, ndipo ndikuzitchula kuti ena asazibwereze. Tinkayeza anthu atangofika kumene, akupumira m'mwamba chifukwa cha njinga kapena chitunda, ndipo pafupifupi aliyense ankaoneka ngati BP yake yakwera. Tinaphunzira kuti munthu ayambe wakhala phee kwa mphindi zisanu, atatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, ndipo asamayankhule pamene makina akuyeza. Tinaphunziranso kuti lamba wamng'ono akamangidwa pamkono waukulu amapereka nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndipo amayi ena onenepa tinawaopseza popanda chifukwa mpaka titapeza lamba wamkulu. Nambala ikafika 140/90 kapena kuposerapo timabwereza pakapita mphindi zingapo, ndipo ikakhala yokwerabe timamupempha munthuyo kuti abwerenso tsiku lina tisanamuuze kuti ali ndi matenda othamanga magazi. Ikafika 180/110 sitidikira, timamulowetsa kwa dokotala nthawi yomweyo. Nkhani ya mabatire ikhoza kuoneka yaing'ono, koma makina athu anakhalapo m'kabati milungu itatu chifukwa cha mabatire anayi, mpaka komiti ya chipatala inavomera kuti iziwagula pamodzi ndi sopo ndi zina zofunika mwezi ndi mwezi.

Kuchuluka kwa anthu amene tinawapeza kunandidabwitsa, ngakhale sikunayenere kutero. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Ndinali nditawerengapo zimenezi kale, koma ndinkaziona ngati za anthu a m'tauni odya zonona. Patebulo paja ndinaona alimi oonda, agogo otunga okha madzi kuchitsime, ndi anyamata a kabaza, onse ali ndi nambala zoopsa koma akunena kuti sakumva chilichonse.

Cholakwa chathu chachikulu chinabwera pambuyo pake. Tinkasangalala ndi kupeza anthu, koma tinalibe njira yowalondolera. Bambo wina wa zaka za m'ma 50, amene anabwera ndi bala la pamwendo, tinamupeza ndi BP yokwera kwambiri, tinamupatsa mankhwala a mwezi umodzi ndi kumuuza kuti adzabwerenso. Sanabwere, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anazindikira kuti sanabwere, chifukwa dzina lake linali m'buku lake lokha, limene anapita nalo kunyumba. Patapita miyezi ingapo achibale anabwera naye pangolo atafa mbali imodzi, pakamwa patapotoka. Mkazi wake anandiuza akulira kuti, "Anamwa mapiritsi aja mpaka kutha, anesi, ndipo anati achira. Kumudzi akuti amenyedwa ndi hamala." Ndinamvetsa pamenepo kuti bamboyo anachita zimene aliyense amachita ndi mankhwala a malungo: kumwa mpaka kutha n'kusiya. Ife sitinamufotokozere momveka kuti BP sichira ngati malungo, kuti mankhwala ake amamwedwa tsiku lililonse ngakhale thupi lili bwino, ndiponso kuti kufa ziwalo kumene anthu amati ndi hamala ya ufiti kawirikawiri kumabwera chifukwa mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika.

Kuyambira pamenepo tinatsegula kaundula wathu, kope wamba lachikuto cholimba, momwe timalemba dzina, mudzi, mfumu, nambala ya foni ngati ilipo, ndi tsiku lobweranso. Tinasankha Lachinayi kukhala tsiku la anthu a BP ndi shuga, potengera mmene anzathu a ma ARV amachitira, chifukwa iwo anadziwa kalekale kusunga munthu pa mankhwala kwa moyo wake wonse. Lachisanu masana ndimakhala ndi alangizi a zaumoyo n'kuwerenga mayina a amene sanabwere, ndipo mlangizi aliyense amatenga a m'dera lake. Mankhwala a BP monga hydrochlorothiazide ndi amlodipine nthawi zina amatha, ndipo zikatero timauza anthu zoona zake ndi kuwalembera dzina la mankhwalawo kuti amene angathe akagule, m'malo mowabweza chimanjamanja popanda mawu. Pa Lachinayi timakambanso za mchere. WHO imalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, womwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, ndipo amayi ambiri amadabwa akamva kuti soda amene amathira m'therere ndi m'nkhwani akhozanso kukweza BP.

Za shuga ndinena mwachidule, chifukwa timapepala toyezera sitikwanira kuyeza aliyense. Timayamba ndi amene ali ndi BP, onenepa kwambiri, amene ali ndi wachibale wodwala shuga, ndi amene akudandaula za ludzu, kukodza pafupipafupi, kuwonda kapena bala losapola. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye n'kupezeka ndi shuga wofika 126 mg/dL kapena kuposerapo, timabwereza tsiku lina kuti titsimikize.

Pa katemera wa akuluakulu, mzere wa kafumbata m'chikuto muja unaulula zinthu zimene sindinkaziona. Mayi amayenera kulandira katemerayu kasanu: koyamba, kachiwiri pakapita milungu inayi, kachitatu pakapita miyezi isanu ndi umodzi, kachinayi pakapita chaka, ndipo kachisanu pakapitanso chaka china. Jakisoni wachiwiri amateteza kwa zaka pafupifupi 3, wachitatu zaka 5, wachinayi zaka 10, ndipo wachisanu amateteza zaka zonse zobereka. Amayi athu ambiri ankalandira awiri ali oyembekezera, akabereka n'kuiwala, ndipo pamimba yotsatira namwino wina ankayambiranso pa woyamba chifukwa khadi lakale linatayika. Tsopano mayi akabwera ndi mwana ku sikelo kapena kudzatenga njira yolera, timaona mzere uja ndi kumubaya pomwepo ngati tsiku lakwana. Munthu akachedwa sayambiranso, amangopitiriza pamene analekezera, ndipo mfundo imeneyi ndinayenera kuibwereza kangapo ngakhale kwa anzanga ogwira nawo ntchito. Ena ankaopa kutsegula botolo la anthu 10 chifukwa cha munthu mmodzi, poganiza kuti wotsalayo atayika, pamene botolo la katemera wa kafumbata likhoza kugwiritsidwa ntchito mpaka masiku 28 litatsegulidwa, malinga lasungidwa bwino m'filiji ndipo talembapo tsiku lotsegulira. Filijiyo iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, timalemba kazizidwe kake m'mawa ndi madzulo, ndipo katemera ameneyu akangoundana ngati ayezi mphamvu yake imatha.

Chimene chimandipweteka mtima mpaka lero ndi abambo. Katemera wa kafumbata amene timalandira amawerengedwa potengera chiwerengero cha amayi, ndipo mwamuna amene anabayidwa ali khanda sakumananso naye moyo wake wonse, pamene chitetezo cha ukhanda chimachepa ndi zaka. Komatu ndi abambo omwewa amene amadzitema ndi khasu, kuponda misomali ndi zisonga, ndi kulowa m'khola la ng'ombe ali ndi zilonda. Kachilombo ka kafumbata kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo sikachoka kwa munthu kupita kwa mnzake, kotero kuti katemera wa mnansi wako sangakuteteze. Ndinasamalirapo mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene anadzitema chala chakuphazi polima, n'kuthirapo dothi kuti magazi asiye. Patatha masiku pafupifupi 10 anabwera naye nsagwada zitauma, msana utapindika, thupi likukokana akangomva chitseko chikumenyetseka. Tinamugoneka m'chipinda chamdima podikira ambulansi, ndipo mayi ake ankangondifunsa kuti, "Kabala kakang'ono komweka, anesi?" Tsopano munthu aliyense wobwera ndi bala lakuya kapena lakuda timamutsuka bwinobwino, timamufunsa za katemera, timamubaya ngati sanabayidwe posachedwa, ndipo timamulembera tsiku la jakisoni wotsatira, chifukwa jakisoni mmodzi yekha sakwanira kwa munthu amene sanalandirepo.

Ife eni ake ogwira ntchito tinalinso osatetezeka. Mayi wina wokolopa m'chipinda chochilira anabayidwa ndi singano imene inatayidwa molakwika m'zinyalala. Tinamuyambitsa mankhwala oteteza ku HIV mwamsanga, popeza amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, koma titafunsana za hepatitis B, matenda a chiwindi amene amafala kudzera m'magazi mosavuta kuposa HIV, tinapeza kuti ambiri mwa ife sitinabayidwepo. Ana a m'Malawi anayamba kulandira katemera wa matendawa mu 2002, pamodzi ndi wa matenda ena anayi mu jakisoni mmodzi, choncho amene tinabadwa chisanafike chaka chimenecho tinaphonya. Tinalemba mayina a onse, kuphatikizapo okolopa, ochapa ndi alonda amene amanyamula odwala usiku, ndipo tinapempha kuboma mpaka katemera atabwera. Amabayidwa katatu: koyamba, pakapita mwezi umodzi, ndi pakapita miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa woyamba. Ndikupempha mkulu wa chipatala chilichonse kuti polemba mayina otere asayambire pa madokotala n'kulekezera pa anamwino, chifukwa amene amagwira zinyalala ndiwo ali pangozi kwambiri.

Katemera wa COVID-19 atafika m'dziko muno mu March 2021, mphekesera zinafika kumidzi katemerayo asanafike. Ena ankati amaumitsa chiberekero, ena ankati ndi chizindikiro cha 666, ndipo mu May chaka chomwecho dziko lathu linawotcha katemera wokwanira anthu pafupifupi 20,000 chifukwa masiku ake anatha asanagwiritsidwe ntchito. Ine ndinapinda mkono wa yunifolomu ndi kubayidwa pakhonde anthu onse a pabenchi akuona, kenaka ndinapitiriza ntchito yanga tsiku lonse kuti aone kuti sindinagwe. Oyamba kunditsatira anali anthu a Lachinayi aja. Agogo ena anandiuza kuti, "Mwana wanga, iwe unandipeza ndi BP ine ndisakudziwa, ndipo ndili moyo. Sungandipatse chinthu choipa." Kolera atabuka mu 2022 ndi kupitirira mpaka 2023, n'kupha anthu oposa 1,700, akuluakulu anabwera okha kudzamwa katemera chifukwa maliro ankawaona ndi maso. Kusiyana kumeneku kunandiphunzitsa kuti munthu wamkulu amalandira katemera pa zifukwa ziwiri, mantha a imfa imene ili pafupi, kapena kukhulupirira amene akumubaya. Mantha amabwera mochedwa, anthu atafa kale, pamene chikhulupiriro tinachipeza pang'onopang'ono patebulo paja.

Ndibwerere ku khansa ya khomo la chiberekero, kumene nkhaniyi inayambira. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri padziko lonse, ndipo mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Nditapita ku maphunziro a kayezedwe kake ndinadabwa kuona kuphweka kwake. Timapaka viniga pakhomo la chiberekero, timadikira mphindi imodzi, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera. Ngati malowo ndi aang'ono, timawawotcha tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, ndipo mayiyo amabweranso pakatha chaka kuti tione ngati papola. Amene tikuwakayikira kuti khansa yayamba kale timawatumiza kuchipatala chachikulu. Timayeza makamaka amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo amene ali ndi HIV amabwereza pafupipafupi kuposa anzawo.

Chovuta sichinali viniga, koma manyazi ndi mantha. Amayi ankauzana kuchitsime kuti timalowetsa chitsulo chachikulu ndi kuchotsa chiberekero. Ndinayamba kutenga chipangizo chimene timatsegulira njira ya mayi poyeza pophunzitsa m'mawa, n'kuchipereka kuti chizungulire pabenchi aliyense achigwire ndi kuona kukula kwake. Tinakonza loko wa chitseko, tinapachika katani pawindo, ndipo tinalonjeza kuti woyeza adzakhala wamkazi. Tinasiya kuuza amayi kuti adzabwere tsiku lina lapadera, ndipo tinaika kuyezaku pa masiku a kulera ndi a ma ARV, kuti munthu athane ndi zonse pa ulendo umodzi. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a magulu a kumzikiti anatithandiza kufalitsa uthenga m'misonkhano yawo. Panatsala nkhani ya amuna awo, chifukwa mayi akawotchedwa amatuluka madzi kwa milungu ingapo ndipo ayenera kupewa kugona ndi mwamuna pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo ena ankakana chithandizo poopa kukafotokoza zimenezi kunyumba. Tinapempha a gulupu ndi mafumu kuti ayankhule ndi abambo pabwalo, ndipo kwa mayi amene akuopa timalemba kakalata koitana mwamuna wake kuti adzamve kuchokera kwa ife. Bambo wina atamva zonse anangoti, "Mukanandiuza kale, anesi, bwenzi nditabwera nawo ndekha panjinga."

Mng'ono wa mayi amene ndinayamba naye nkhaniyi anabwera kudzayezetsa patapita nthawi. Tinapeza kamalo koyera, tinakawotcha, ndipo atabweranso pakatha chaka panali popola bwino. Pa ulendo wachiwiriwo anabwera ndi mwana wa malemu aja, mtsikana wa zaka 9, kudzafunsa za katemera wa HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansayi. Katemerayu anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu January 2019, atayesedwa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba, ndipo ndaona kuti mayi amene wayezetsa yekha savuta kuvomera kuti mwana wake abayidwe. Mu 2020 WHO inaika zolinga zakuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 alionse alandire katemerayu, amayi 70 mwa 100 ayezedwe, ndipo 90 mwa 100 a opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Pa zitatuzi, chimene ndimachiyang'anitsitsa pachipatala chathu ndi chachitatu, chifukwa mayi amene tamutumiza kutali akhoza kusowa ndalama yoyendera n'kukhala kunyumba ndi kalata yake. Aliyense wotumizidwa timamulemba m'kope lija, ndipo sitichonga dzina lake mpaka titamva kuti wafika ndipo wathandizidwa.

Amene sitinawafikirebe mokwanira ndi abambo a zaka zapakati, amene sabwera ku sikelo, saperekeza odwala, ndipo amafika kwa ife atanyamulidwa. Takambirana ndi a gulupu ndi komiti ya pamsika kuti tebulo lachiwiri lizikhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pokwerera kabaza tsiku lililonse la msika, ndipo alangizi awiri avomera kale kuti azisinthana. Amene apezeke ndi BP yokwera adzalembedwa m'kope lomwe lija ndi kupatsidwa tsiku la Lachinayi. Tikudikira makina ena oyezera ndi lamba wamkulu, zimene komiti ya chipatala yalonjeza kugula anthu akangomaliza kukolola.